Komputadori Yozima Yokha ya ku Malowera

Mtembo unagona chafufumimba m'mphepete mwa kanjira kotsikira kudambo, kumunsi kwa msika wa Malowera. Njinga inali pambali, yogonekedwa bwinobwino ngati mwini wake wangopatuka kukamwa madzi. Bibiana Mvula, wofufuza milandu wochokera ku Fingoè, anazimitsa mota yake n'kudutsa pakati pa anthu osapereka moni. Moni akanapereka pambuyo. Chomwe chinkamuwawa n'chakuti anthu anali atapondaponda kale pamalopo.

"Ameneyu ndani?"

"Ndi Horácio, Shefe," anayankha wapolisi wa pamalopo, pomutchula monga bwana wake. "Mwini baraka ya majogo, kuja anyamata amasewera pakomputadori."

Bibiana anagwada. Bala linali pamwamba pa mutu, lakuya, lokhala ndi ngodya. Mwala suboola choncho. Komanso magazi pansi anali ochepa kwambiri, oti nkhuku imataya ambiri. Anatsata mkukuluzi wa njinga kumtunda komwe anthu sanaponde. Matayala analowa kwambiri mumchenga, ndipo pambali pake panali mapazi a munthu woyenda pansi. Njingayo sinakweredwe. Inakankhidwa, itasenza katundu wolemera.

"Anayamba kumuona ndani?"

Anatulukira bambo wa imvi, wa manja akuda ndi mafuta. Anali a Zito, okonza njinga, amene ankagwira ntchito pakhonde la baraka ya malemuyo.

"Ndine, mayi. Ndimapita kukatunga madzi oyesera machubu."

"Dzulo munamuona?"

"Ndinamuona. Masana anakangana ndi mng'ono wake Lino. Msika wonse unamva."

Izi zinali zoona, ndipo Lino sanakane. Lachitatu lomwelo Bibiana anakhala naye m'kachipinda ka polisi. Anali mwamuna wamfupi, wa maso ofiira ndi kulira.

"Munakangana za chiyani?"

"Za munda umene bambo athu anatsegula titabwerako ku Zambia. Achimwene amafuna kugulitsa gawo lina kuti agule masola ena a magetsi a dzuwa."

"Unawauza kuti chiyani?"

Lino anayang'ana pansi. "Ndinati ndiwaswa mutu."

"Ndiye mutu wasweka."

"Anali mawu a mkwiyo, Shefe. Ine ndinagona kumunda, kudambo kuja, m'chisakasa."

"Ndi yani?"

"Ndekha."

Komandanti, mkulu wake wa polisi, atamva pafoni sanafune zambiri. Lole ya amalonda inkanyamuka Loweruka, ndipo mitambo inali itayamba kale kusonkhana. Mvula ikangogwa, msewu umenewo umasanduka phala. "Mukwezeni apite ku Tete," anatero. "Mlandu wapsa kale uwu."

Bibiana anavomera ndi pakamwa pokha. Ankadziwa kuti munthu wopanda womuyankhulira akalowa kadeya, ndende ya ku Tete, chimanga chimabzalidwa n'kukololedwa iye akudikirabe tsiku la khoti. Ndipo amene anamanga Lino anali iye mwini, ndi manja ake. Munthu wogona kumunda angaphere m'bale wake kwina, n'kuvutika kumukankha panjinga mpaka kunjira yopita kumunda kwake komwe? Zimenezo sizinamulowe.

Maliro atatha, Lachisanu m'mawa, anapita kwa mkazi wa malemu.

"Dona Flávia, pepani kukudzutsani pamphasa. Ndikufuna munditsegulire baraka."

Flávia anamanga mpango wakuda n'kumutsata. Kiyi anali yemwe anapezeka m'thumba la mtembo, koma loko wake anali wongodina, wotsekeka popanda kiyi. A Zito anali pakhonde, akumata chubu. Anawapepesa mayiwo mwaulemu, n'kupitiriza ntchito.

M'katimo munali mabenchi awiri, mabatire anayi pakona, ndi tebulo. Patebulopo panali sikirini yaikulu ndi bokosi lakuda la komputadori. Simenti inali yoyera kwambiri.

"Amuna anu ankakolopa?"

"Horácio? Tsache lenilenilo sankalidziwa. Chimene ankapukuta ndi ichi chokha." Anasisita bokosilo. "Anachita kukachitenga ku Lusaka, chidutswachidutswa, n'kumanga yekha. Ine ndinkamugwirira tochi. Ndinkati ndi mkazi mnzanga."

Anadina batani. Sikirini inawala, n'kuonetsa chithunzi cha Horácio akuseka pakhomo pa barakayo. Flávia anatseka pakamwa ndi dzanja.

"Ndionetseni chimene anthu amalipirira," anatero Bibiana, pofuna kumuchotsa pachithunzicho.

Flávia anatsegula jogo ya magalimoto othamanga. Mainjini anabangula, magalimoto anayamba liwiro, ndipo asanamalize n'komwe kuzungulira koyamba, phethi. Sikirini bii, chipinda zii.

"Magetsi atha?"

"Ayi, onani babu ikuyaka." Flávia anakwinya nkhope. "Chiyambire sichinachitepo zimenezi. Anyamata ankasewera kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ngakhale mu Okutobala."

"Lachiwiri chinali bwino?"

"Ndinabweretsa chakudya masana, chikulira ngati nthawi zonse."

Bibiana anakoka benchi n'kukhala. Za makomputadori sankazidziwa kwenikweni, koma ankadziwa mmene amafunsira mboni yosintha mawu: funso limodzi, kenako lina, osalumpha.

"Yatsaninso. Musatsegule jogo."

Chinayaka, n'kukhala phee, osazima. Anadikira mpaka kutopa. Atangotsegula jogo, sipanapite nthawi, phethi.

"Ndiye chimafa chikapatsidwa ntchito yolemera," anatero Bibiana. "Amuna anu akanayambira pati?"

"Pamabatire."

Flávia anatenga kachipangizo koyezera magetsi kamene kanapachikidwa pamsomali. Mabatire anali odzaza, dzuwa linali likuswa pamasola. Anachotsa nthambo ya komputadori pa inivesa yaikulu, bokosi losandutsa magetsi a batire, n'kuilumikiza pa ina yosungira. Chinazimanso. Anasintha nthambo yeniyeniyo. Chinazimanso.

"Si njala ya magetsi," anatero Flávia. Misozi inali itauma, tsopano anali ndi ukali. "Kwatsala kutentha. Ankati chikatentha kwambiri chimadzizimitsa chokha kuti chisapse."

"Fumbi?"

"Ankachipemerera Lamlungu lililonse tikachoka kutchalitchi."

Bibiana anaika dzanja kumbuyo kwa bokosi pamene jogo inkathamanga. Mphepo inkatuluka ndithu, koma inali yozizira, yosagwirizana ndi chinthu chimene chikufa ndi kutentha. Kenako mphuno yake inagwira kafungo. Anakadziwa, koma sanakhulupirire. Anapendeka bokosilo kuti aone pansi, ndipo ngodya yakumbuyo inali yophwanyika, yowongoledwa ndi pulayala. Utoto unali utakanganuka.

"Tsegulani."

Zomangira ziwiri za chitseko cha bokosilo sizinali zofanana. Chimodzi chinali chake, chinacho chinali kabawuti ka madigadi ya njinga. Flávia anachotsa chitsekocho, n'kubwerera m'mbuyo.

Pakati pa makinawo panali chitsulo cha mapepalamapepala chokhala ndi kafani, chomwe chimakhala pamwamba pa ubongo wa komputadori kuti chiziyamwa kutentha. Timiyendo take tiwiri tinali tothyoka. Wina anachimanga ndi mphira yodula kuchubu, yozunguliza kawiri n'kupisa nsonga pansi, mmene amamangira thumba la makala pakaliyala.

Bibiana anamasula mphirayo, chitsulo n'kugwera m'dzanja lake. Pansi pake panali mafuta achikasu, osungunuka, akuyenderera.

"Apa pamakhala chiyani?"

"Kaphala kotuwa, kogula m'kachubu kakang'ono. N'kamene kamapititsa kutentha kuchitsuloko. Izi sindikuzidziwa."

Bibiana ananunkhiza chala. Inali girizi. Anaunika ndi tochi pansi pa bokosi, m'makona momwe nsanza siifika, ndipo anaona timadontho takuda touma.

"Dona Flávia, pitani kunyumba. Mlamu wanu sakwera lole."

Anatuluka pakhonde atanyamula chitsulocho ndi mphira. A Zito anali atatembenuza njinga miyendo m'mwamba. Pambali pawo panali chitini cha girizi wachikasu ndi chubu chakale chodulidwadulidwa. Bibiana anatola chubucho, n'kugundanitsa ndi mphira ija. Mzere wabuluu wa pachubu unapitirira bwinobwino, ndipo podulapo panalumana.

"Bambo Zito, tiyeni tikakhale pamthunzi kupolisi."

Sanafunse chifukwa. Anapukuta manja, n'kutseka chitini chawo.

M'kachipinda kaja Bibiana anaika zinthuzo patebulo.

"Komputadori munaiona ikugwa?"

"Ine za makomputadori ndizidziwira kuti, mayi?"

"N'zimene ndikuona. Munthu wozidziwa sakanapaka girizi. Inu munaona zitsulo ziwiri zogundana, pakati pali totuwa, mukuti ndi mafuta ofewetsa. Munapukuta chifukwa munagwera magazi, n'kupakapo anu. Munayatsa, chinawala, mukuti mwakonza."

Bibiana anakankhira mphira ija patsogolo pawo.

"Njinga mukaikonza mumaikwera kaye kuti muone ngati ikupirira. Ichi simunachiyese. Chimayaka bwino chikakhala chabe, koma chikathamanga girizi amasungunuka, mphira imatamuka, chimazima. Lachiwiri masana chinali chamoyo. Anachimanga ndi chubu chanu ndi munthu amene anali m'barakamo chitagwa. Ndi Lino?"

"Lino sadziwa n'kumata chubu komwe."

"Mawa akwera lole chifukwa cha mawu anu."

Bamboyo anayang'ana manja awo.

"Muli ndi zidzukulu, mayi?"

"Mmodzi."

"Inenso ndinali naye mmodzi. Mwana wanga Edmilson ndi bambo wa ndevu zake, wokwatira. Chibwerere chinthu chimenechi, khasu analitaya. Kukacha ali pabenchi paja, ine ndili pakhonde kumva magalimoto abodza akulira, munda uli thengo. Mbuzi zinapita. Mwezi watha apongozi anabwera kuchokera ku Chiputo, anatenga mwana wawo ndi mdzukulu wanga. Kamwana kaja kankakhala apa pa mwendo panga ndikamanga masipoko."

"Ndiye munapita kwa Horácio."

"Kangapo. Ndinati, mwana wanga iwe, ameneyu yekha uzimubweza. Lachiwiri madzulo anthu atachoka ndinalowanso, ndinachita kugwada. Anali atapsa kale mtima ndi za Lino. Anati, madala, ine sindiitana munthu, mwana wanu ngati munalephera kumulera musandivutitse. Anaseka."

"Kenako?"

"Ndinanyamula bokosilo kuti ndikaliponye m'dambo. Anandigwira malaya. Ndinatembenuka, ndinalikweza m'mwamba." Anakweza manja kusonyeza mmene anachitira. "Ndinamumenya nalo. Kamodzi. Sindinganame kuti linapulumuka. Ndinamumenya."

"Bwanji munalikonza?"

"Likanapezeka losweka, mukanadziwa kuti zachitikira m'katimo, ndipo pakhomo pamakhala ine. Ndinakolopa, ndinamanga, ndinadina loko. Kusanache ndinamukweza panjinga yake."

"N'kukamutula kunjira ya kumunda kwa Lino."

"Ee."

"Pamenepo ndiye pandinyansa, bambo," anatero Bibiana. "Mkwiyo ndaumva. Koma Lino munamusankha mutakhala pansi, mtima utazizira. Munapita kumaliro, munakumba nawo manda, mng'ono wa malemu ali m'chitolokosi osaponyako n'dothi lomwe."



Bibiana anatenga makiyi n'kukatsegula yekha chitseko cha Lino. Mwamunayo anatuluka akuphethira ndi kuwala.

"Pita kwanu. Pepa, maliro a mkulu wako ndakumanitsa ndine."

"Awaika pati?"

"Pafupi ndi bambo anu. Alamu ako akulozera."

Loweruka m'mawa lole inaima pamsika, mitambo itada kumpoto. A Zito anakwera ali ndi unyolo, Bibiana pambuyo pawo, bokosi lakuda lija atalikulunga m'nsalu ya kapulana ngati umboni. Pakati pa anthu panaima mwamuna wamtali wa ndevu, manja ali lende. Bamboyo anamuitana.

"Edmilson. Zitsulo zanga zili pakhonde. Mbewu ili m'chigubu kuseri kwa chitseko. Mvula ikagwa usadikire."

Edmilson anayandikira lole, maso ake ali pa mtolo wa kapulana.

"Shefe," anafunsa motsitsa mawu, "mlandu ukatha, chibwereranso?"

A Zito anamva. Anatembenukira kutsogolo, ndipo sanachewukenso mpaka lole inatuluka m'Malowera.