Agogo Amene Wezzie Anawachotsa Paphompho

Ine si munthu wokonda nkhani za mizukwa. Ndagwira unamwino zaka zambiri, ku Blantyre ndi kuno ku London, ndatseka maso a anthu omwalira osawerengeka, ndipo palibe anadzukapo kuti andipatse moni. Choncho ndikati izi zinachitika, mundikhulupirire. Ndinaziona ndi maso angawa. Mnzathu Shuvai nayenso anaziona, ali moyo, amakhala ku Thornton Heath, mukhoza kukamufunsa. Ndikulemba chifukwa ndatopa ndi pakamwa pa amayi ena a kutchalitchi kwathu ku Peckham, amene akufalitsa zoti Wezzie anachotsedwa ntchito chifukwa cha ulesi. Ulesi wake uti? Mwana uja ankatuluka m'nyumba kusanache, n'kubwera mapazi atatupa.

Wezzie ndi mtsikana wa ku Rumphi. Ankachita lendi chipinda m'nyumba mwanga ku Croydon, ndipo ankagwira ntchito limodzi ndi Shuvai panyumba ina yosamalira okalamba, chakumapeto kwa njira ya thiramu, kasitima kamagetsi koyenda m'tawuni. Viza yake inali yomangiriridwa pa ntchito imeneyo, kutanthauza kuti ntchito ikatha, chilolezo chokhalira muno chimathera pomwepo. Kumudzi anasiya mayi ake ndi mwana wamkazi wa ku sekondale, onse akudalira iyeyo.

Chaka chatha, kuzizira kutayamba, atatufe tinapita kukapuma pachilumba china cha m'nyanja yamchere, kotentha, kwa migwalangwa ndi mchenga woyera. Dzina lake sinditchula, sindikufuna kuwatsatsira malonda. Tsiku lina tinakwera minibasi yozungulitsa alendo m'malo okwera oonerapo nyanja. Wotitsogolera anali Crispin, bambo wolongolola ngati wayilesi, wa chipewa chaudzu. Anatichenjeza za anyani olanda chakudya, za dzuwa, za miyala yoterera, ngakhale za amayi ogulitsa mikanda. Chinthu chimodzi chokha chofunika kutiuza ndi chimene anachisunga mumtima.

Tsikulo linayamba bwino. Tinaima pansanja younikira zombo, tinaima pena pomwe madzi anali obiriwira mpaka kuona nsomba uli pamwamba, tinadya chinanazi chothira tsabola ndi mchere. Wezzie ankaseka ngati mwana, akujambula zithunzi zotumizira mayi ake.

Malo omaliza anali pathanthwe lalitali, pomwe nthaka imangothera mwadzidzidzi. Panali mpanda wachitsulo wadzimbiri, mphepo yonunkha ndere zowola. Crispin anati tijambule msanga tibwerere. Iye sanatsike. Kwina konse ankatsogola ndi iyeyo, koma apa anakhala m'basi ndi dalaivala, mawindo atatseka.

Kunja kwa mpandawo kunaima agogo ena. Afupi, owonda, diresi yabuluu yofwifwa, yonyowa kuyambira m'mawondo kutsika. Analibe nsapato. Zala zakumapazi zinali m'mphepete mwenimweni mwa phompho. Azungu amene tinali nawo ankawadutsa akujambulana.

"Anti Marjorie, taonani agogo awo," anatero Wezzie. "Agwatu."

Ndisanayankhe, anali atadutsa kale pomwe mpanda unathyoka. Musamuweruze. Kuntchito kwake chinthu choyamba chimene amakuphunzitsa n'chakuti wokalamba sasiyidwa yekha pamalo oti angagwe. Ndipo kwathu munthu sudutsa wamkulu osamulonjera. Ananyonyomala pang'ono, n'kuwapatsa moni, kenako analowetsa dzanja pansi pa chigongono chawo, monga amachitira tsiku lililonse.

"Tiyeni agogo. Pang'onopang'ono. Ndakugwirani."

Agogowo anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayenda naye. Wezzie anawakhazika pamwala, pamthunzi wa basi, n'kutembenuka kuti atenge botolo la madzi m'chikwama. Potembenukanso, pamwalapo panalibe munthu. Panali ponyowa basi.

Crispin anatsika m'basi nkhope itatuwa.

"Mwawagwira?"

"Akanagwa," anatero Wezzie.

"Amenewo sagwa. Akudikira bwato la mwana wawo. Linapita agogo anga adakali kamtsikana." Analankhula motsitsa mawu, maso ali pamwala paja. "Sitiwalankhula, sitiwagwira. Ukawachotsa pamenepo amayesa wabwera kudzawatengera kumene kuli mwanayo."

Mtima wanga unawira. Ndinamufunsa chifukwa chake anatha tsiku lonse akutiuza za anyani, osatiuza zimenezi.

"Mayi, alendo ambiri sawaona," anatero. "Owaonawo amangowajambula. Sindinaganize kuti wina angawagwire dzanja."

Mwamva? Kulakwa kwa Wezzie kunali kumeneko.

Titabwerera ku London, chinayamba ndi fungo. Ndikatsegula chitseko chapakhomo ndinkalandiridwa ndi fungo la ndere lija, m'nyumba ya pansanjika yachitatu, mawindo ali chitsekere chifukwa cha chisanu. Ndinatsuka mafiriji, ndinataya zinyalala, ndinathira mankhwala m'masinki. Silinachoke. Kenako mkono wakumanja wa juzi ya Wezzie unayamba kumakhala wonyowa. Ukauma unkasiya zoyera. Ndinanyambita chala, unali mchere.

Madzulo ena, mdima wa m'nyengo yozizira utagwa kale anthu asanaweruke, ndinali kukhitchini pamene Wezzie analowa. Ndinamva nsapato zake pamatabwa. Kumbuyo kwake ndinamvanso china. Phapha, phapha. Phazi lopanda nsapato, lonyowa. Nditasuzumira, ndinaona mapazi ang'onoang'ono adinda pansi, kuchokera pakhomo mpaka kuchipinda kwake. Ankayenda pambali pa mapazi a Wezzie, kudzanja lamanja.

"Wezzie."

"Ndikudziwa, anti," anayankha chapansipansi. "Sakuvuta. Akungonditsata."

Shuvai akuti m'thiramu, ngakhale mudzaze chotani, mpando woyandikana ndi Wezzie sunkakhalidwa. Munthu ankafika, n'kuyang'ana, n'kusankha kuima. Wezzie akamatsika, mpandowo unkatsala wonyowa.

Tinapita kwa abusa. Anapemphera mokweza, kenako anamutengera Wezzie pambali n'kumuuza kuti aulule kwa sing'anga kumene anapita kukafuna mankhwala opezera mapepala okhalira muno. Mwana anabwera akulira. Kuyambira tsiku limenelo, ine abusa amenewo ndimangowapatsa moni wa patali.

Kuntchito ndiye kunali koopsa, chifukwa panyumba ya okalamba pansi ponyowa ndi mlandu. Wezzie ankayenda ndi chikolopa paliponse. Okalamba ena anayamba kumwetulira munthu wa kumbuyo kwake. Bambo Rogers, amene anakhala miyezi osalankhula ndi aliyense, tsiku lina anamugwira malaya n'kunena kuti, "Apatse thawulo amayi akowo, azizidwa." Shuvai anali pomwepo, atanyamula thireyi ya tiyi, ndipo anamva ndi makutu ake.

Manijala wawo, Jennifer, anamuchenjeza Wezzie kawirikawiri za madzi a mukolido. Akanamuuza chiyani? Ankangopepesa, n'kukolopa.

Kenako zinachitika. Belu linalira kuchipinda cha kumapeto, mayi wina atatsamwa. Wezzie anathamanga, chikolopa anachisiya. Bambo Rogers anatuluka m'chipinda mwawo kumbuyo kwake, anaponda ponyowa, anagwa n'kuthyoka fupa la m'chiuno.

Ku msonkhano womuzenga mlandu ndinamuperekeza ndine. Jennifer anatiyatsira kanema wa kamera ya mukolido. Tonse tinaona. Wezzie akuthamanga, manja ali opanda kanthu. Pambali pake mapazi akuoneka pansi, limodzi, kenako lina, kenako lina, popanda mwendo wowadinda. Jennifer anabweza kanemayo. Anaoneranso.

"Ndowa yake inkadontha," anatero.

"Ndowa iti?" ndinafunsa. "Mwaiona ndowa pamenepo?"

Sanandiyang'ane. Anati abale a Bambo Rogers akufuna yankho, ndipo yankho liyenera kukhala ndi dzina la munthu. Ndinamuuza mawu amene sindingawalembe pano. Wezzie anandikoka mkono kuti ndikhale pansi. Iyeyo wolakwiridwa ndi amene ankanditonthoza ine.

Anamuchotsa ntchito. Tsiku lokatenga katundu wake, Shuvai anamuona akukwera kuchipinda chochezera cha pamwamba, chimene chili ndi windo lalikulu loyang'ana madenga a nyumba. Munalibe munthu. Shuvai anaima pakhomo n'kumvetsera.

"Agogo, ine sindikudziwa kumene kuli mwana wanu," Wezzie ankanena. "Ndinangoopa kuti mugwa. Kumene ndikupita kulibe nyanja yanu. Khalani pano. Pakutentha, ndipo pali anthu."

Anakokera mpando pawindo. Anatsitsa dzanja pang'onopang'ono, monga ukhazika munthu wa mawondo ofooka. Anatenga bulangeti n'kuliyala pampandopo. Shuvai akulumbira kuti bulangetilo silinagone pampando. Linaima ngati lafunda mawondo a munthu.

Tsiku limenelo Wezzie anabwera kunyumba juzi ili youma. Fungo linatha.

Koma ntchito sinapezeke. Anayenda London yense, Woolwich, Lewisham, mpaka kunja kwa tawuni. Kulikonse ankaimbira foni kwa Jennifer kufunsa za iye, ndipo akamva zoti wokalamba anathyoka m'manja mwake, nkhani inkathera pomwepo. Masiku amene boma linamupatsa kuti apeze ntchito ina anatha. Ndinamuperekeza ku bwalo la ndege ndi masutikesi awiri. Pobwerera ndinalira m'sitima, osati ndi chisoni chokha, koma ndi mkwiyo. Dziko lino limatiitana kuti tidzagwire makolo awo dzanja, ndiye mwana wachita zomwezo n'kumuthamangitsa ngati wakuba.

Shuvai anapitiriza kugwira ntchito komweko, ndipo ndi amene ankandiuza zotsatira. Madzi sanasiye. Anaitana okonza mapaipi, anafukula pansi, sanapeze kanthu. Mpando uja aliyense ankaulambalala. Dzuwa likamapendeka, okalamba amene angathe kuyenda ankadzikoka kupita pawindo lija, n'kuima chete, onse maso kutali. Ukawafunsa chimene akuona, ankati akudikira. Atsikana antchito anayamba kusiya mmodzimmodzi.

Mwezi watha, Lamlungu masana, ndikusita yunifolomu, foni inalira. Anali Jennifer. Mawu ake anali aang'ono, ngati munthu wobisala m'kabati.

"Marjorie, kodi Wezzie angabwerere? Mapepala tikonza ife. Zonse."

Ndinapitiriza kusita dala, kuti amve kuwawa.

"Agogo aja sakukhalanso pampando," anatero. "Akuyenda m'zipinda. Akumufuna."

"Mwadziwa bwanji?"

"Dzulo analowa mu ofesi. Anandigwira mkono, anandiyang'ana kumaso, n'kundisiya. Si ine amene akufuna."

Kumbuyo kwa mawu akewo ndinkamva phokoso lina. Ndinazimitsa wayilesi kuti ndimvetsetse. Anali mafunde. Ankabwera, n'kumenya mwala, n'kubwerera. Ku Croydon kulibe nyanja.

Ndinakhala ndi uthengawo masiku angapo, ndikulimbana ndi mtima. Ndinkafuna kuumeza, Jennifer aone yekha chochita ndi ndowa yake. Koma ndinkadziwa kuti mwana wa Wezzie wakhala pakhomo teremu yonse osapita kusukulu, ndipo si ine woyenera kumusankhira. Ndinamuimbira. Ndinamuuza zonse, osabisa kanthu, za mafunde zomwe. Ndinamuuzanso maganizo anga, kuti asabwere, anthu amenewa samuyenera.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kumbali kwake ndinkamva nkhuku ndi mawu a mayi ake.

"Anti," anatero, "ndiye miyezi yonseyi palibe amene akuwalankhula?"

"Wezzie, amenewo si munthu."

"Ndamva, anti. Koma mwana akufunika sukulu. Muwauze a Jennifer ndibwera."

Mpaka lero ndikakumbukira ndimapsa mtima. Palibe anapepesa. Crispin akadali kuzungulitsa alendo, akuwauza za anyani. Jennifer akadali pampando wake. Amayi a ku Peckham akadali kunena za ulesi. Woti akasenze zonsezi ndi mtsikana yemwe uja, chifukwa choti sanathe kuona nkhalamba ili paphompho n'kungoijambula.

Akufika Loweruka likubwerali. Tsikulo anandiuza ine ndekha, ndipo sindinauze munthu, ngakhale Shuvai. Chipinda chake chakhala chokhoma kuyambira pamene anachoka, kiyi ali m'chikwama changa. M'mawa uno ndinatsegula kuti ndiyale zofunda zatsopano.

Fungo linandipeza ndisanayatse magetsi.

M'mphepete mwa bedi munali mobonyoka, pang'ono chabe, monga pamakhalira munthu wopepuka. Ponyowa. Pansi panali mapazi awiri ang'onoang'ono, ogundana bwinobwino, zala zitaloza kukhomo.

Ndinatseka chitseko pang'onopang'ono. Zofundazo zikadali pampando wa pabalaza.