Ramu Yopalidwa ndi Tupa

Pakhomo pawo panalibe choipa, abale anga. Amayi ake a Nthambo anali otaipa odziwika. Mayeso a sukulu, makhadi a ukwati, zonse zinkatuluka mu kompyuta yawo yakale yomwe inkakhala pabalaza itafunditsidwa nsalu ngati wodwala. Ndiyo inkadyetsa banja. Koma kuchedwa kwake! Mukaiyatsa, munkatha kutsuka mbale n'kusesa panja iyo ikuyasamulabe.

Nthambo, amene anapatsidwa dzinali chifukwa chotalika n'kuwonda, ankaimba kwaya komanso ankathandiza kutaipa ku ofesi ya mpingo. Makiyi ankamusiyira.

Tsiku lina amalume ake, okonza makompyuta, anatsegula bokosi la kompyutayo.

"Mlongo, musavutike n'kugula yatsopano. Ramu ndiyo yachepa," anatero akuloza kachipangizo kobiriwira konga rula, kothandiza kompyuta kufulumira. "Ndikusakirani yakale yomweyi, yotsika mtengo. Iwe mphwanga, taona kampata aka m'munsimu. Ramu ili mitundumitundu. Kampata kakapanda kugwirizana ndi potsomekapo, si yako. Usakakamize."

Nthambo anagwedeza mutu, mtima uli kwina. Ankafuna magemu a pakompyuta. Anapita kwa mnzake wogulitsa zikutiro za mafoni pamsewu, wodzitcha Injiniya chonsecho pakhomo pa koleji sanapondepo.

"Ramu ya kaunjika?" Injiniya anaseka mpaka kutsokomola. "Amalume akowo akufuna ukalambe msanga. Kompyuta ya kutchalitchi ija ili ndi ramu ziwiri zamakono, abusa amangolemberapo zilengezo. Kuchotsako imodzi si kuba, n'kuipepukitsa."

Nthambo anapita kuofesi ya mpingo n'kuzula imodzi. Kompyuta ya mpingo inayakabe, iye n'kupuma.

"Bwera nayo ndikaiyese kaye," anatero Injiniya. Mawa lake anali atavala nsapato zatsopano. "Ija inali yakufa. Katenge inzake."

Apa Nthambo anamuyang'ana mnzakeyo ndi diso la m'mbali, nayang'ananso nsapatozo. Koma phazi linali litalowa kale m'matope. Anakazula yachiwiri, ndipo iyi sanaipereke kwa munthu.

Kunyumba amayi ake anayamba kununkhiza.

"Sikuludiraiva ikutani m'thumba la malaya a kwaya?"

"Ndimamangira mpando wa kuofesi, amayi."

"Nanga bwanji masiku ano ukamapemphera diso limodzi limakhala pachitseko? Mwana iwe, m'nyumba muno musalowe chinthu chimene sindikudziwa kochokera."

Kumpingo nako kunavuta. Kompyuta inangoti pii! pii! osayaka. Akuluakulu anayamba kunong'onezana, ndipo mukudziwa mmene timachitira, maso onse anagwera mayi wamasiye amene ankasesa muofesimo. Anamuuza ayambe wakhala kunyumba. Nthambo anamva zonsezi, napitiriza kuimba kwaya ngati palibe chachitika.

Loweruka amayi atapita kumsika, Nthambo anatsegula kompyuta yawo. Ramu ija inakana kulowa. Anaitembenuza, inakana. Kampata kanali pena, potsomeka pena. Anaimbira Injiniya.

"Zazing'ono izo! Ingopala pali kampatapo, ilowa."

Inu, mwana wa munthu anatenga tupa, napala ramu ngati akunola khasu. Anaikanikiza ndi zala zonse mpaka inati khwa. Atayatsa, kunamveka thu! Kautsi kanatuluka, fungo la pulasitiki wopsa n'kudzaza nyumba. Amayi analowa ali ndi dengu m'manja, ndipo denguro linagwa. Mayeso a sukulu ofunika Lolemba anali asanathe kutaipidwa.

Amalume anabwera akuthamanga. Anazula ramuyo, naiyang'anitsitsa, kenako n'kuyang'ana mphwawo.

"Bodi yotsomekapo zipangizo zonse yapsa, mlongo, kompyuta yatha. Koma pali china. M'mawa uno abusa anandiitana. Yawo ndaipeza ilibe ramu ndi imodzi yomwe, ndipo mtundu wake ndi uwu."

"Amalume, ndinagula kwa..."

"Khala chete!" anatero amayi, osakuwa. "Mayi uja akulira kwawo chifukwa cha iwe? Vala nsapato."

Anamuyendetsa msewu wonse, anthu akusuzumira m'mawindo, mpaka pakhomo pa mayi wosesa uja. Nthambo anagwada pafumbi n'kuulula zonse. Mayiyo anangoti, "Ndakumva," natseka chitseko. Lamlungu anaululanso pamaso pa mpingo, makiyi n'kulandidwa. Injiniya atafunsidwa analumbira kuti munthu wotalika chonchi sanamuonepo chibadwire.

Sukulu inapereka mayeso ake kwa wina ndipo sinabwerenso. Lero amayi aja amataipa pa shopu ya eni, kulandira zimene apatsidwa, Nthambo akuwanyamulira chikwama mutu uli pansi.

Achinyamata inu, kuba n'kuba, kaya chinthucho n'chochepa ngati rula. Chimene si chanu sichikwana pamalo panu, ndipo mukachikakamiza, woyamba kupsa ndi amene amakudyetsani.