Khomo la Malemu pa Kompyuta

Nkhani iyi siyopeka ayi. Ndinaimva kwa mwini wake, mkonzi wa makompyuta amene anzake amamutcha Mawaya, titakhala pabenchi limodzi kudikira basi. Mlamu wa mwini kompyutayo, amene anaona nawo zinthuzi, akadali moyo, wokayika akamufunse.

Mayi wina wojambula mavidiyo a ukwati ankagwiritsa ntchito kompyuta imodzi ndi mwamuna wake, woimba. Aliyense anali ndi sisitimu yake, ija imene imayendetsa zonse makina akayaka. Pofuna mtendere, bamboyo anaika madisiki awiri, wina wa mkazi wake, wina wake, ndi kapulogalamu kamene Mawaya amakatcha mlonda wa pakhomo. Ukayatsa, mlondayo amakuonetsa mizere iwiri kuti usankhe kolowa. Wa mayi unali pamwamba, wa bambo pansi.

Bamboyo atamwalira, mng'ono wake, munthu wa ndidziwa zonse, anaikanso sisitimu ya mayi kuti akuti izithamanga. Disiki ya malemu anaisiya yolumikiza. Sisitimu yatsopanoyo inathamangitsa mlonda uja, khomo la malemu n'kutsekeka. Kuyambira tsikulo makina anasanduka mwana wamakani. Mayi akangoyamba kudula vidiyo, kompyuta thi! Kenako n'kuyakanso yokha. Pamenepo n'kuti akwati ena akunyamuka m'mawa mwake kupita kutali, vidiyo yawo isanathe, ndipo mayi a mkwatibwi anali atalonjeza kuti dzina la wojambulayo alimwaza m'matchalitchi onse.

Mawaya anafika masana, kunja kutada ndi mvula. Sanakhale n'komwe pansi, anangogwada n'kumasula chitsulo cha m'mbali.

"Alamu, mwaphika chiyani muno?"

"Ine ndinkangodina poti pitirira basi," anatero mlamuyo, akukanda m'khosi.

"Nyumba ya anthu awiri mwasintha loko, kiyi wa mnzanu n'kuponya m'chitsime. Poika sisitimu, disiki inayo muziyamba mwaizula. Aliyense akakhala ndi khomo lake salimbana."

Anazula disiki ya malemu pamodzi ndi waya wake. Disiki anaiika patebulo pambali pa kapu ya tiyi, waya m'thumba la malaya. Anakonza mbali ya mayi, n'kuyatsa.

Mizere iwiri.

"Ndi dzina chabe latsalira," anatero Mawaya. Analifufuta, n'kuyatsanso.

Mizere iwiri.

Mvula inaleka mwadzidzidzi, ngati wina watseka mpope. Kumangomveka kafani ka m'makina ndi madontho a padenga, tho, tho. Ndiye m'chipindamo munalowa fungo la mafuta a m'tsitsi, aja onunkhira ndimu amene malemu ankadzola. Mayi anagwira pakamwa. Mawaya anayang'ana mutu wa mlamu. Unali wometa mpala.

Kamzere koyera kosankhira kanali pamwamba. Kanatsika pansi. Kiyibodi inali payokha, manja a anthu onse atatu ali poonekera.

Patebulo china chake chinati tiki. Tiki, tiki. Kapu ya tiyi inayamba kunjenjemera pa sosala. Mawaya anakhudza disiki ija ndi chala. Inali yofunda, ndipo m'kati mwake munkazungulira. Yopanda waya.

Sikirini inawala. Mbali ya malemu inatseguka, nyimbo yosatha ili pomwe anaisiyira. M'masipika simunatuluke gitala. Munatuluka mpweya wa munthu amene akukonza kukhosi asanayambe kuimba.

"Hamala," ananong'ona mlamu. "Tiiphwanye."

"Mwaphwanya zokwanira," anayankha mayi osamuyang'ana.

Mawaya ankafuna kuthawa. Mayi anakoka mpando n'kukhala moyang'ana sikirini, manja pamiyendo, monga amakhalira munthu akafuna kupempha kanthu kwa mwamuna wovuta.

"Bambo a mwana, ndine. Mng'ono wanuyu mukumudziwa, manja amamuyabwa. Palibe akukuchotsani m'nyumba muno. Koma ana a eni akunyamuka mawa. Ndibwerekeni makinawa ndimalize."

Mpweya uja unapitirira pang'ono. Kenako zii.

Sikirini inada. Inayakanso. Mizere iwiri. Kamzere koyera kanaima pansi nthawi yaitali ndithu. Kenako kanakwera.

"Bwezeranipo disiki yawo," anatero mayi, dzanja lili kale pa mausi.

Mawaya anaimangirira m'malo mwake, anatseka chitsulo, n'kutuluka osatsanzika. Vidiyo inatha, akwati anainyamula.

Patapita mwezi anakumana ndi mayiyo pamsika.

"A Mawaya, muli ndi dzanja inu! Mbali zonse ziwiri zikutseguka bwinobwino. Loweruka ndimamvera nyimbo zawo ndikusita."

Mawaya anangoti zikomo. Sanawauze zimene anapeza tsiku lija atafika kwawo, povula malaya. Waya wa disiki ya malemu sanaubwezere. Ali nawo mpaka lero, ndipo akuti kuutaya akuopa, kukaubweza akuopanso.