Chipinda Chopanda Chitseko cha Laston

Laston ankagulitsa manachesi pa Mwanza Boma, kuthamangira mathiraki opita ku Mozambiki atasenza basiketi. Nyengo ya manachesi ikatha ankadya kwa mchemwali wake Deliwe, mayi wamasiye amene anamulera makolo awo atamwalira. Nyumba zawo zinali zogundizana kuseri kwa msika, pamalo amene bambo awo anasiya.

Chimene chinkamuwawa kwambiri Laston si njala ayi, koma Kinsley. Anaphunzira limodzi, mayeso analepheranso limodzi, koma tsopano Kinsley anali ndi magolosale ndi galimoto ya magalasi akuda. Tsiku lina anaimitsa galimotoyo, nagula basiketi yonse osanenerera, n'kumuuza Laston kuti munthu wanzeru ngati iye sanayenera kukalambira pamsewu. Anati ankadziwa mkulu wina kutsidya kwa malire amene ankatsegulira anthu njira.

Mkuluyo anali a Constantino, ndipo Kinsley anamuperekeza Laston kwawoko. Analibe nsupa kapena mikanda. Anawalandira pakhonde atavala malaya oyera, akusenda chinangwa, ndipo polankhula sanasiye kusendako.

"Chuma n'chosavuta, chovuta ndi pochisungira," anatero. "Udzamanga sitolo yaikulu pamalo a bambo ako. Pakati pake padzakhale kachipinda kopanda chitseko, kopanda windo. Kakadzajambulidwa papulani kasadzafufutidwe."

"M'menemo mudzakhala chiyani, akulu?"

"Mudzakhala munthu. Amene adzayambe kuimirira pagulu kukuikira kumbuyo pankhani ya sitoloyo, ameneyo ndi wathu."

Pobwerera Laston anaulula mantha ake, koma Kinsley anangoseka. Anati tsikulo likadzafika woyamba kuimirira adzakhala iyeyo, popeza anali wokhwima kale ndipo palibe chimene chikanamukhudza. Laston anakhulupirira, chifukwa ndi zimene mtima wake unkafuna kumva.

Zinthu zinayenda ngati maloto. Kaokala kamene anatsegula kanasanduka golosale, golosale inabala lole, ndipo anthu amene kale ankamuitana ndi likhweru anayamba kumutchula kuti abwana. Deliwe ankauza aliyense kutchalitchi kuti Mulungu wamuona mlongo wake. Pasanathe zaka zambiri Laston anajambulitsa pulani ya sitolo yoposa zonse pabomapo, n'kuipereka kukhonsolo.

Popeza sitoloyo inali yoti imangidwe pakati pa nyumba za anthu, komiti yoona za mapulani inaitanitsa msonkhano kuti imve maganizo a oyandikana nawo. Holo inadzaza. A Yakobe, mmisiri wa matabwa, anati chipupa cha sitoloyo chidzatseka kanjira kopita kumjigo. Mayi Rozina anafunsa kuti malole obweretsa katundu azidzakhotera pati, poti pamenepo ndi pamene ana amasewera, komanso kuti madzi ochokera padenga lalikulu chotero azidzathera m'nyumba ya yani. Kenako mayi wa kukhonsolo amene anaunika pulaniyo anaika chala pakati pa pepala n'kufunsa za kachipinda kopanda polowera. Laston anayankha kuti munali moika thanki ya madzi yolowetsera pamwamba. Mayiyo anawonjezera kuti vuto lalikulu linali lakuti chipupa cha kum'mawa chinkadya theka la nyumba yoyandikana nayo.

Wapampando anati ngati mwa anthu onsewo panalibe woivomereza, pulaniyo ibwerere ikajambulidwenso yocheperako. Laston anadziwa kuti ikacheperako kachipinda kaja sikakhalapo. Anacheukira Kinsley. Kinsley anali ataweramira foni yake, osadzutsa mutu.

Mpando wa pambali pa Laston unalira. Deliwe ankaimirira, akumanga bwino chitenje. Laston anatambasula dzanja n'kugwira nsonga ya chitenjecho, koma ataona kuti wapampando wayamba kumvetsera, anachisiya, dzanja n'kulibwezera pabondo.

"Nyumba imene mukunenayo ndi yanga," anatero Deliwe. "Mwana uyu ndinamubereka kumsana ndine. Wavutika mokwanira. Agumule, ine ndikhala m'kanyumba kake kakale. Zina zonse zimene mwanenazi akonza, ndikumudziwa."

Anthu ankamulemekeza Deliwe, ndipo atakhala pansi mkwiyo wa m'holomo unazirala. Komiti inavomereza pulaniyo, bola akumbe ngalande, asiye kanjira ka kumjigo, ndipo malole azilowera kumsewu waukulu. Potuluka, Kinsley anati foni inamutangwanitsa.

Maziko atangokumbidwa, Deliwe anayamba kudandaula kuti mpweya ukumuchepera. Njerwa zikamakwera, mawu ake ankatsika. Laston anamutengera kuchipatala, mpaka ku Blantyre, koma madokotala sanapeze matenda. Deliwe ankakana kugona m'nyumba, ankafuna mphasa yake iyalidwe panja, ati akalowa m'kati zipupa zimamuyandikira.

Masana ena anali chigonere pansi pa mtengo wa mango, akuyang'ana amisiri akukweza mitengo ya denga. Anamukodola Laston kuti ayandikire.

"Tsiku lija unandigwira chitenje, kenako unasiya. Unkadziwa chiyani?"

"Palibe, achemwali. Ndinkangofuna musavutike kuimirira."

Deliwe anamuyang'anitsitsa nthawi yaitali. Anamulera yekha, ndipo ankadziwa mmene maso ake amakhalira akamanama. Sanalire, sanatukwane. Anangotembenukira kumbali, ndipo kuyambira pamenepo madzi akumwa ankalandira kwa mayi Rozina, kwa Laston ayi. Anamwalira sabata imene malata anakhomedwa.

Maliro atatha Laston anawoloka malire ali ndi ukali. Pabwalo pa a Constantino anapeza galimoto ya Kinsley, mwini wake atakhala pakhonde. Laston anafunsa chifukwa chimene sanaimirire monga analonjezera. Anayankha ndi mkulu uja.

"Aliyense ali ndi malipiro ake. Iwe unalipira ndi mchemwali wako. Mnzakoyu anauzidwa kuti abweretse munthu womukhulupirira, ndiye analipira ndi iwe."

Laston anapempha kuti amuchotsere zonse, chuma chibwerere kumene chinachokera. A Constantino anati chimene chalowa m'chipinda chopanda chitseko chilibe potulukira, ndipo anamuuza anyamuke kunja kusanade.

Sitolo inatsegulidwa, koma oyandikana nayo ankaizemba n'kukagula kumsika. Ufa unkachita nkhungu usanathe mlungu, shuga ankasanduka mwala. Antchito ankasiya mmodzimmodzi, ati dzuwa lili paliwombo ankamva munthu akutsokomola m'kati mwa chipupa cha pakati. Laston sanawatsutse. Iye ankamva zoposa apo: ankamva dzina lake, mwa kaitanidwe kamene ankaitanidwa ali mwana.

Tsiku lina la msika anatenga piki n'kuyamba kuswa chipupacho, ogula ochepa amene analimo akuthawira panja. Atabowola anasuzumira. Munalibe kanthu, fumbi lokhalokha. Anakwawira m'kati, nakhala pansi, n'kuyamba kupepesa mokweza. Anthu anachita kumukoka miyendo kuti atuluke, ndipo mutu wake sunabwererenso. Chipupa chimene anaswacho chinali chogwira denga, choncho ming'alu inafalikira nyumba yonse mpaka akhonsolo anaitseka kuti ingagwere anthu.

Masiku ano Laston amayendayenda pabomapo atasenza chitseko chakale chimene anatola kudzala, akufunsa aliyense ngati akudziwa poti achikhome. Palibe wachibale womusamala, chifukwa mmodzi yekhayo amene akanamutola anamupereka ndi iye mwini.

Dyera la chuma chofulumira silidya mdani kapena mlendo. Limayamba ndi munthu amene amatikonda koposa, chifukwa ndiye amakhala pafupi. Kuli bwino kusauka uli ndi woti akuikire kumbuyo, kusiyana ndi kulemera utamugulitsa.