Chitenje cha Pamimba

Basi itawatsitsa pa Chimbiya, Anjelina ndi amayi ake sadayende ngakhale mapazi khumi. Anyamata awiri oona makadi a chipani adawaimitsa polowera mumsika. Amayi adamasula mfundo ya pansonga pa chitenje n'kutulutsa makadi awiri opindikapindika, lawo ndi la mwana wawo. Mmodzi wa anyamatawo adayang'ana makadiwo, kenaka Anjelina, maso ake n'kutsikira pamimba.

"Nanga la mwana ali m'mimbamu lili kuti?" adafunsa, mnzake n'kufa nalo phwete.

Amayi adafotokoza modzichepetsa kuti mwanayu si woyembekezera, akuchokera kuchipatala komwe am'chita opareshoni. Adaonetsa chiphaso cha kuchipatala, anyamata aja n'kuwalola kupita. Koma Anjelina adapsa mtima kwambiri. Amalume ake, amene adabwera kudzawatenga, adawakweza pangolo kupita kumudzi kwawo kumapiri.

Chidali chaka cha 1984. Anjelina adali ndi zaka khumi, zisanu n'chimodzi, ndipo adali mu Sitandade 8. Mimba yake idayamba kukula cha ku Khirisimasi, pang'onopang'ono, mpaka yunifomu idayamba kum'thina. Pakamwa pa anthu paja sipachedwa. Kristina, mtsikana wa m'kalasi mwake yemwe ankalimbirana naye nambala wani, adam'patsa dzina loti "amake mwana", dzinalo n'kufalikira sukulu yonse. Tsiku lina ahedi, bambo Zefaniya, adamuitanira muofesi. Sadam'funse kanthu. Adangomuuza kuti lamulo la atsikana oyembekezera akulidziwa, atenge mabuku ake azipita. Anjelina adalumbira, adalira, adatchula mayina a oyera mtima onse amene ankawadziwa, koma ahedi adali atatsegula kale chitseko.

Zoona zidadziwika mwezi wa Epulo, pomwe Anjelina adayamba kubanika akamakwera kaphiri ka kumunda. Kuchipatala adam'peza ndi chotupa chodzaza madzi, cholemera makilogalamu asanu ndi limodzi, ndipo adachichotsa. Iye adalowa m'chipinda cha opareshoni akumwetulira. Ankadziona akudzuka ali wowonda ngati kale, akulowa m'kalasi, Kristina akusowa poyang'ana. Koma atatsitsimuka n'kudzikhudza, adapeza mimba ili pompo, yofewa, yolendewera, ndi mzere wautali wa ulusi pakati. Adokotala adati zimenezo n'zosadabwitsa. Mnofu udali utatanuka kwa miyezi yambiri, ndipo ubwerera pa nthawi yake, mwina pakatha miyezi itatu kapena inayi. Adam'langiza kuti azidya, aziyendako pang'ono, asanyamule zolemera, ndipo balalo asalipanikize.

Miyezi inayi! Mayeso a Sitandade 8 adali mu Julaye.

Amayi ake adapita okha kusukulu ndi kalata ya adokotala. Ahedi adaiwerenga kawiri, adatsokomola, n'kunena kuti dzina la mwanayo likadali pa mndandanda wa olemba mayeso, choncho akhoza kuyamba Lolemba. Pepani sadam'tchule. Amayi adabwera ndi nkhaniyo akuimba nyimbo ya kutchalitchi, koma Anjelina adaikana m'maso muli gwa.

"Sindipita, amayi. Ndidzalowa m'kalasi muja tsiku limene yunifomu yanga idzatseke mabatani onse. Ndikufuna adzandione bwinobwino, manyazi awagwire."

Amayi adam'nyengerera, adam'kalipira, adaitana amalume ake kuti am'lankhule. Zonse zidalowera khutu ili n'kutulukira linalo. Mwana ameneyu akati ayi, bwenzi mutangopita kukalima.

Adasenda luzi kuthengo n'kumadziyeza nalo m'mawa uliwonse kuseri kwa nkhokwe, akumanga mfundo pomwe nsonga zakumana. Sabata yoyamba mfundo siidasunthe. Yachiwiri chimodzimodzi. Pakutha pa mwezi wathunthu idali itasuntha zala ziwiri zokha, ndipo tsiku limenelo luzi lidaponyedwa padenga, nkhuku zidathamangitsidwa popanda mlandu, ndi galu yemwe adalawa chikuni. Mawa lake adasenda luzi lina. Adayamba kudya ngati mbalame, kachewere mmodzi basi, zina n'kupatsa galu yemweyo amayi akayang'ana kumbali. Amayi atamuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, iye adayankha mwaukali kuti nkhono silemba mayeso. Mabuku adali m'thumba la pulasitiki pamutu pa mphasa, ndipo chibwerere kuchipatala adali asadawatsegule.

Nyumba yoyandikana ndi yawo idali ya achemwali ake, Bernadetta, amene adabereka mwana wamwamuna mu Malichi. Monga amachitira amayi akabereka, Bernadetta ankapinda chitenje n'kudzimanga nacho pamimba zolimba kuti mimba ibwerere msanga. Anjelina ankamuona m'mawa uliwonse akukoka nsonga za chitenjecho atapuma mpweya. Ankaonanso kuti munthuyo wayamba kale kuvala diresi lake la pautsikana. Izi zidamuwawa kwambiri. Wobereka mwana weniweni wabwerera m'thupi mwake, iye wosalakwa akadali chitupire! Kufunsa sadafunse. Adatenga chitenje chakale cha amayi ake, adachipinda katatu, n'kudzimanga nacho pamwamba pa bala penipeni, m'kati mwa diresi.

Ululu wake udali wosasimbika, koma atadziyang'ana pa galasi la zenera la achemwali ake adaona Anjelina wakale, ndipo adaseka koyamba m'miyezi isanu. Tsiku lachiwiri adakoka kwambiri. Lachitatu bala lidayamba kuyabwa ndi kutentha. Lachinayi padayamba kutuluka kafungo, iye n'kumakhala patali ndi amayi ake ponamizira kuwothera dzuwa. Ankadziwa bwinobwino kuti zinthu sizili bwino, koma ankati aone kaye anthu aja atachita manyazi, za bala azionera pambuyo.

Kenaka lidakwana Loweruka, tsiku limene amayi ambiri amachapa kuchitsime. Anjelina adatenga ndowa yaikulu n'kutsetsereka nayo, mutu uli m'mwamba. Adafika anthu ali ambiri, amake Kristina ali pomwepo akufinya bulangeti. Macheza adazima. Iye adapereka moni mokweza kwa aliyense, adatunga madzi mpaka ndowa kudzaza, ndipo mayi wina atati am'senzetse adakana. Adagwada, adaikweza yekha kufika pabondo, kenaka paphewa. Pomwepo adamva chinthu chikung'ambika m'kati, maso n'kuchita mdima. Ndowa idapita kwake, iye kwake.

Amayi aja adam'thamangira n'kum'masula diresi kuti apume. Adapeza chitenje chija chitanyowa magazi ndi mafinya, chomangidwa mmene amamangira munthu amene wangobereka kumene. Anjelina adali chigonere m'matope, wosatha kudzuka, koma makutu ankamva.

"Taonani, anzanga," adatero amake Kristina motsitsa mawu. "Wamanga ngati ntchembere. Ndiye ankakana chiyani? Mwanayo adakam'siya kuti?"

Mawu amenewo adam'pweteka kuposa bala. Miyezi yonseyi ankalimbana ndi bodza, lero walimangira yekha umboni ndi manja ake. Adafuna kukuwa kuti si zoona, koma mpweya udam'thera.

Ngolo ya amalume idatsikanso phiri. Kuchipatala anamwino adam'kalipira osasiya pomwe ankatsuka balalo, ndipo adokotala atalisokanso adati agona m'chipatala masabata atatu. Bernadetta adabwera kudzamuona mwana ali kumsana, ndipo sadayambe ndi moni. Adam'funsa akulira ngati iye, Bernadetta, adali ndi bala pamimba pomwe ankadzimanga. Adam'funsa kuti nyumba zawo zatalikirana mitunda ingati kuti alephere kubwera kudzafunsa. Anjelina adatembenukira kukhoma.

Masabata atatu ndi ambiri kwa munthu wogona chagada. Mkwiyo sudathe, ayi ndithu. Akakumbukira ahedi ndi chitseko chawo, kapena mnyamata wa makadi uja, mtima unkagunda mpaka m'makutu. Koma tsiku lina m'mawa, akumva ana a sukulu ya pafupi akuimba pa mzere, adayamba kuwerengera. Ahedi akudya bwino kwawo. Kristina ali m'kalasi, akulemba manotsi, nambala wani alibe wolimbirana naye. Mnyamata wa makadi adamuiwala tsiku lomwelo. Anthu onse amene ankafuna kuwakhaulitsa adali bwinobwino, wogona ndi paipi pamkono adali iye yekha. Adalira kwa nthawi yaitali, ndipo amayi ake atabwera ndi phala adadya lonse, n'kuwapempha kuti amalume akabwera abweretse thumba la mabuku lija.

Adatuluka m'chipatala kutatsala masiku asanu ndi limodzi kuti mayeso ayambe. Mimba idali yaikulu kuposa mmene idalili asadadzimange, chifukwa cha kutupa ndi bandeji yochindikala. Yunifomu siidayese n'komwe kutseka. Amayi adaing'amba m'mbali n'kusokererapo nsalu ina, yobiriwira mosiyana ndi inzake, yooneka munthu ali kutsidya kwa dambo.

M'mawa wa mayeso kudali chisanu cha ku Dedza chenicheni, nkhungu itaphimba mapiri onse. Ulendo wa theka la ola adauyenda ola ndi theka, ndi ndodo, akupuma pa mtengo uliwonse wa mapichesi. Kawiri konse adaima n'kuyang'ana kumbuyo. Adafika anzake atakhala kale. Atangolowa m'kalasi mudati zii, ndipo maso makumi asanu ndi limodzi adatsikira pamalo amodzi.

Madesiki a pasukulupo adali aja olumikiza benchi ndi tebulo. Anjelina adapeza nambala yake n'kuyesa kulowa cham'mbali. Thabwa lidagunda pa bandeji, iye n'kuluma mlomo. Adayesa mbali inayo, osatheka. Kumbuyo wina adanong'ona dzina lija, ena n'kuseka m'manja. Woyang'anira mayeso adali mphunzitsi wochokera kusukulu ina, wosadziwa chilichonse. Adam'yang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kufunsa ahedi, amene adaima pakhomo, ngati pasukulu pano amalola atsikana oyembekezera kulemba mayeso.

Magazi adathamangira kumutu kwa Anjelina. Chitseko chidali pafupi, mapazi asanu okha, ndipo miyendo idafuna kupita yokha. Adagwira ndodo yake ndi manja awiri. Ahedi adatsegula pakamwa, koma iye adawayambirira.

"Sindine woyembekezera, aphunzitsi. Adandichotsa chotupa, ndipo bala silinapole. Mimba yanga ndi yaikulu, mwaiona nonse, ndipo ikhala choncho mpaka idzaphwe yokha. Padesiki apa sindikwana. Ndikupempha mpando."

Mawu ake adamveka mpaka kumbuyo. Palibe adasekanso. Kristina adaweramira pa desiki n'kumasongola pensulo yosongoka kale. Woyang'anira uja adatembenukira kwa ahedi.

"N'zoona," adatero bambo Zefaniya, mawu atauma. "Ndidam'chotsa sukulu ndine, osam'funsa."

Adatuluka. Sadatume mwana aliyense. Patapita kanthawi adabwera atanyamula okha mpando wa muofesi mwawo, adabwereranso kukatenga katebulo, n'kuziika kutsogolo pafupi ndi zenera. Anjelina adakhala pang'onopang'ono, ndodo n'kuigoneka pansi. Sadathokoze, ndipo ahedi sadadikire kuthokozedwa.

Mapepala adagawidwa, belu lidalira. Adalemba nambala yake pamwamba n'kuwerenga funso loyamba. Sadalidziwe. Adaliwerenganso, osamva kanthu. Zidali zimene anzake adaphunzira mu Meyi, ahedi atalola kale kuti abwerere, iye atakana yekha. Misozi idadzaza m'maso, ndipo ulendo uno padalibe wina woti am'kwiyire. Adaipukuta ndi mkono, adakukuta mano, n'kupita pa funso lachiwiri.