Nsapato za Pakhomo pa Mzikiti

Chimene chinamudabwitsa namwino wina si nsanja ya mzikitiwo, ngakhale kuti anthu amachokera kutali kudzathyola makosi poiyang'ana. Chinamudabwitsa n'chakuti bambo ake, amene anakhala m'basi masiku awiri akudandaula za msana, atangofika pakhomo anangoti zii, maso ali pa shelefu ya nsapato.

Ulendowu anaukonza ndi iyeyo. Bambo akewo anali mmisiri wosoka nsapato kwa zaka makumi anayi, koma chimwalirireni mayi ankangokhala pakhonde ngati mpando wothyoka. Pofuna kuti aoneko zina, mwana wawoyo anasankha mzikiti wakalekale umene ankauona tsiku lililonse pa kalendala ya kuchipatala. Iwo sanali Asilamu. Anabwera monga alendo ena onse, kudzaona ndi kujambula.

Mlonda wa pakhomo, mkulu wa ndevu zoyera, anawalandira mwaulemu. Anapatsa namwino mpango woti afunde kumutu, n'kuwapempha kuti avule nsapato. Alendo anzawo analowa, koma mmisiri sanasunthe.

"Bambo, tiyeni," anatero namwino. "Ulendo wonsewu mwabwerera kudzaona nsapato za eni? Sizinakukwaneni zaka zonse zija?"

Mmisiri analoza pakona, pa shelefu yapansi. Panali nsapato zachikopa zachimuna, zotuwa ndi fumbi, zouma gwaa.

"Msoko uwo ndi wanga," anatero monong'ona. "Pachidendene ndimabwereza kawiri, mfundo n'kubisa mkati. Ndipo taona yakumanzereyo mmene inadyekera mbali."

Namwino anazindikira mwini wake. Mlongo wake wamkulu anabadwa ndi mwendo wakumanzere wofupikirapo, ndipo poyenda ankaukwekwesa. Zaka makumi awiri ndi zitatu zapitazo anakangana ndi bambo chifukwa chokana ntchito ya nsapato. Namwino, ali mtsikana, anamva ndi makutu ake mawu omaliza a tsikulo: "Ukatuluka pakhomo pano, nsapato ndinasoka inezo uvule. Usadzapondenso nazo pano!" Mlongoyo anatuluka atazivala ndithu. Sanabwerenso, ngakhale kalata yokha.

"Nsapato izi n'zayani?" mmisiri anafunsa mlonda.

"Izo ndinazipeza pomwepo, akulu. Amene ndinamulowa m'malo ankati mwini wake analowa madzulo ena pothawa mvula. Nthawi yotseka itakwana anthu onse anatuluka, nsapato n'kutsala. Anafufuza paliponse, mpaka pamwamba pa nsanja. Ena amati anatulukira khomo lakumbuyo, koma ndani angasiye nsapato zabwino n'kupita wopanda nsapato pamvula? Ife sitizichotsa. Katundu wa mlendo satayidwa." Apa mlonda anatsitsa mawu. "Kungoti osesa amadandaula. Akuti ngakhale uzitembenuze bwanji madzulo, m'mawa umazipeza zitaloza mkati."

Analowa. Munali zipilala zamiyala zozizira, makapeti ofiira otha pakati chifukwa cha mawondo a mibadwo yambiri, ndi malemba opotanapotana m'makoma. Namwino anajambula zonsezo, koma mukanamufunsa chimene anaona sakanakuyankhani.

Ku nyumba yogona alendo anawapatsa zipinda ziwiri zoyandikana, khoma lake lopyapyala loti munthu akatsokomola uku, uko amamva. Tulo sitinabwere. Namwino anatembenuka, anatembenukanso, anapinda pilo, anaiwongola. Galimoto zitaleka kudutsa mumsewu, anamva phokoso pamasitepe. Phaa. Kenako khwee. Phaa, khwee. Linali phazi lopanda nsapato pa simenti, limodzi loponda, linalo lokwekwesa, ndipo linkabwera pang'onopang'ono ngati la munthu wowerenga manambala a zitseko. Linadutsa chitseko chake n'kukaima pa cha bambo.

Anadzilimbitsa mtima n'kutsegula. M'khonde munali babu limodzi lofooka ndi chidebe chokolopera. Munalibe munthu.

M'mawa, potengera bambo ake madzi akumwa, anaziona nsapato zija pansi pa bedi.

"Bambo! Mwaba m'nyumba yopemphereramo?"

"Munthu saba msoko wake."

"Munazibisa m'jekete, eti? Munthu wamkulu ngati inu! Ndiye usiku n'kumayendayenda m'khonde kundiopseza?"

"Nawenso unamumva?" anatero mkuluyo, ndipo nkhope yake inawala moti namwino anachita mantha kuposa usiku uja.

Tsono namwinoyu anali munthu wosakhulupirira za mizukwa. Anatseka maso a akufa ambiri pa ntchito yake, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anadzukapo kudzamufunsa nthawi. Chimene ankaopa chinali china: anaonapo okalamba amene chisoni chimawadya mutu, n'kuyamba kutsatira anthu osaoneka mpaka kusowa. Mlongo anamutaya, mayi anawaika. Sanafune kubwerera yekha pa basi ija.

Anafunsa mayi wosamalira nyumbayo ngati kuli mlendo wina wotsimphina. Mayiyo anati m'zipinda zonse zapamwamba muli iwo awiri okha, ndipo zomveka usiku ndi mapaipi. Koma ponena zimenezo sanamuyang'ane m'maso.

Usiku wachiwiri namwino analanda nsapatozo, n'kuzitsekera m'sutikesi yake, kiyi n'kuika pansi pa pilo. Anadikira mpaka mkonono wa bambo ake unayamba kumveka kuseri kwa khoma, wokoka, wodziwika bwino chiyambire ubwana wake. Anati tsopano tione amene ayende.

Phaa, khwee.

Mkonono sunaleke. Phazi linakwera masitepe onse, khumi ndi anayi, iye akuwerenga. Ulendo uno silinapitirire. Linaima pa chitseko chake chenicheni, ndipo kuwala kwa babu kumene kunkalowera pansi pa chitsekocho kunaduka pawiri. Sipanamveke kugogoda. Kunali kungoima chabe, kuima kwa munthu amene wafika pakhomo koma sakudziwa ngati akuloledwa.

Namwino anakhala tsonga pa bedi.

"Achimwene?" ananong'ona.

Kenako kuwala kuja kunabwerera, ndipo phazi linayamba kutsika, phaa, khwee, mpaka linazimirira. Namwino analira mwakachetechete, chifukwa anazindikira kuti zaka zonsezi dzina la ubale limeneli anali asanalitchulepo mokweza.

Kutacha anatsegula sutikesi n'kukaziika nsapatozo pa mawondo a bambo ake. Mkuluyo anamutuma kumsika kukagula soli zatsopano, ulusi wolimba ndi polishi wakuda. Singano yake yosokera anali nayo m'thumba, pakuti mmisiri sayenda chimanjamanja. Tsiku lonse anakhala pawindo, akufewetsa chikopa ndi mafuta, akumatula soli zakale, akusoka. Manja amene ankanjenjemera pogwira kapu, pa ulusi anali nji.

"Mayi ako anapita osandikhululukira," anatero madzulo, maso ali pa msoko. "Ankati ine ndinam'tseka mwana miyendo. Ine ndinkati ndi mawu a mkwiyo chabe, abwera njala ikamuwawa. Koma mwana uja anali womvera, ngakhale anali wamakani. Anayenda nazo mpaka kuno, kenako anavula monga ndinanenera. Nanga abwerera bwanji? Njira yonse ija, wopanda nsapato?"

"Bambo, mwina ali moyo kwinakwake. Mwina ali ndi banja."

"Mwina. Kaya ali kuti, mawu aja ndinalankhula ndine. Woyenera kuwamasula ndine."

Usiku umenewo phazi silinamveke, ndipo bata limenelo linamusowetsa mtendere namwino kuposa phokoso.

M'bandakucha, mawu oitanira anthu ku swala akumveka kuchokera pa nsanja, awiriwo anafika pa mzikiti. Anaima pambali mpaka opemphera onse atalowa. Mmisiri anavula chipewa pamaso pa mlonda uja.

"Ndinalakwa, akulu. Ndinatenga osapempha. Ndazibweza."

Mlonda anayang'ana nsapato zonyezimirazo, n'kuyang'ana nkhope ya mkuluyo. Anangogwedeza mutu n'kupatuka. Mmisiri anagwada movutikira, n'kuziika pakona pomwe paja, koma anazilozetsa kumsewu. Analankhula nazo ngati mmene munthu amalankhulira ndi mwana wodwala.

"Ndi ine, bambo ako. Zija ndinanena zija ndafafaniza. Zivale, mwanawe. Bwera nazo kunyumba."

Namwino anaonetsetsa ndithu. Pochoka anacheuka kawiri, ndipo nsapato zinali pomwepo. Pokwera basi anapisa m'jekete la bambo ake, anakhuthula chikwama chawo, anakhuthulanso chake. Mkuluyo anangomuseka, nati, "Ukanakhala wapolisi iwe." Masiku awiri a m'basi anagona tulo tabwino, osatchulako msana.

Atafika kwawo moyo unabwerera mwakale, kupatula chimodzi. Mkuluyo analeka kukhala pakhonde chabe. Anatsegula chipinda cha mlongo uja, chimene chinasanduka mosungira katundu, n'kutulutsa makatoni, n'kuyala bedi. Madzulo ankakana kuti chitseko cha kumaso chikhomedwe. Namwino ankadikira kuti agone, n'kukakhoma yekha, mtima ukumuwawa. Anaganiza zoti Lolemba akalankhule ndi dokotala.

Sabata inatha, yachiwiri n'kutha. Dokotala anapereka timapiritsi, mkuluyo n'kumatimwa mosatsutsa. Ankangofunsa kuti, "Kodi munthu woyenda pansi, wa mwendo umodzi wovuta, ulendo uja angautenge masiku angati?"

Tsiku la makumi awiri ndi chimodzi namwino anadzuka kusanayere kuti akonzekere ntchito. Anatsegula chitseko, tsache lili m'manja.

Nsapato zija zinali pa sitepe, zitaikidwa bwinobwino pamodzi, zitaloza mkati. Polishi yense anali ataphimbidwa ndi fumbi la m'misewu. Anawerama n'kutembenuza yakumanzere. Soli imene anagula yekha kumsika kuja inali itatha, itadyekera mbali, ndipo mkati mwa nsapatoyo munali mofunda.

Kumbuyo kwake anamva bambo ake akutuluka kuchipinda, akumanga mabatani a malaya awo a ku tchalitchi.

"Usaime pakhomo, mwanawe, ukumutchinga," anatero mofatsa. "Katenthetse madzi a mapazi. Wayenda ulendo wautali."

Namwino anayang'ana pabwalo. Panalibe munthu, mpaka kumsewu. Koma anapatuka.