Mpando wa Stelia m'Bwato la Kalisto

"Mukuizimitsa dala!"

"Ndizimitse dala injini pakati pa Shire wodzaza chonchi? Iwe Stelia, mutu wako uli bwino?"

"Uli bwino kwambiri. Mukufuna dzuwa litilowere kuno kuti ulendo utalike. Ndikukuonanitu, a Kalisto."

Kalisto anamufulatira mkazi wakeyo. Anakulunga chingwe pamutu pa injini n'kukoka. Injini inatsokomola ngati nkhalamba yosuta chingambwe, kenako zii. Bwato linayamba kubwerera chammbuyo, bango la m'mphepete likudutsa kachiwiri.

Ulendowu unali wa katemera. Chikuku chinali chitalowa m'midzi ya kumtunda kwa Matope, ndipo mvula inali itakokolola msewu wopita kumeneko. A Phoebe, namwino wa ku Rumphi amene boma linawatumiza kuderali, anayenera kukafika ndi bokosi la mankhwala madzi oundana a m'katimo asanasungunuke. Bwato la injini kudera lonselo linali limodzi lokha, la Kalisto, amene anabwera ndi injiniyo pochokera ku Joni.

Stelia sanaitanidwe pa ulendowo. Koma m'mawa anaona mwamuna wake akusita shati ya ku Joni, imene sankaivala ngakhale kutchalitchi. Padoko, ayufi, anyamata a chipani cholamula, atatha kuona makadi achipani, anamuonanso akupukuta thabwa la pakati ndi mpango wake, n'kugwira dzanja la namwinoyo pomukweza. Mkazi wamtali, woyera m'maso, wonunkhira sopo, wotchi ikulendewera pachifuwa! Mtima wa Stelia unawira ngati thobwa la dzana. Anakwinya chitenje n'kulumphiramo bwato litayamba kale kuyenda.

Malo anali kutsogolo, koma Stelia sanawafune. Kalisto anali kumbuyo ndi injini, a Phoebe pakati ndi bokosi lawo, ndipo pakati pa awiriwo panali thanki yofiira ya petulo. Stelia anasankha pomwepo. Chitsulocho chinali chotentha, ndiye anavula nsalu yake yachipani, ya nkhope ya Pulezidenti, naipinda kuti akhalire.

"Osati yachipaniyo, mayi," anatero a Phoebe motsitsa mawu. "Tingakagone kupolisi tonse."

Stelia anavalanso nsaluyo, natola chigamba cha chubu cha galimoto chimene chinali pansi, n'kuyala pathanki, n'kukhala nga! ngati mfumukazi.

Kuyambira pamenepo injini inasanduka mwana wa nthenda. Inkalira bwino kwa kanthawi, kenako n'kuyamba kubanika, n'kufa. Itazima koyamba, Kalisto anamudzutsa Stelia, natsegula chivindikiro cha thanki kuti aone petulo. Analimo wambiri. Anatseka, nafinya kampira ka papaipi, nakoka chingwe, injini n'kulira ngati sinalakwepo. Apa tsopano inali itazimanso.

"Dzuka ndionenso petulo."

Stelia anadzuka monyinyirika. Chivindikiro chinachita fyuu! potseguka. Petulo analimo. Kalisto anamununkhiza, nathira pang'ono m'dzanja kuti aone ngati muli madzi. Munalibe. Anakoka chingwe, injini inadzuka, Stelia n'kubwerera pampando wake.

"Kapena ndi pulagi?" anafunsa a Phoebe.

"Anamwino mumadziwanso mapulagi?" Kalisto anaseka, mano onse poyera.

"Bambo anga anali dalaivala wa lole."

"Kwathu bambo anga ankalima thonje," anatero Stelia, osayang'ana munthu. "Sitinafe nayo njala."

Mtsinje unali wofiira ndi matope, utanyamula zitsa, mapesi a chimanga ndi mbuzi yakufa yotupa ngati ng'oma. Atakhota pagombe lina anakumana ndi mvuu. Zinali zitadzaza pamadzi odekha, makutu akugwedera, ndipo yaimuna inatsegula kukamwa kwake kofiira n'kubangula mpaka mbalame zinabalalika m'bango. Kalisto anakhotetsera bwato pakati, pamene madzi amathamanga kwambiri. Pomwepo, eti, injini inabanika n'kufa.

Mvuu yaimuna inamira. Thovu linayamba kubwera molunjika bwato.

"Nkhafi! Palasani kumanzere!"

A Phoebe anakumbatira bokosi ndi miyendo n'kugwira nkhafi. Bwato linagwedezeka ngati lagunda thanthwe, madzi n'kukhuthukiramo. Chimutu chinatulukira pambali, chikufwenthera, koma liwiro la mtsinje linali litawalanda kale n'kuwathamangitsira kumunsi. Pogwedezekapo a Phoebe anapendekera chammbuyo, ndipo Kalisto anatambasula mkono pamwamba pa mutu wa Stelia n'kuwagwira paphewa.

Stelia anauona mkonowo. Mvuu anaiiwala.

"Dzuka, Stelia."

"Sindidzuka."

"Ndati dzuka!"

"Petulo mwamuona kale, alimo. Mukufuna ndichoke kuti muzigwirana bwino? Pano sindisuntha, ngakhale ng'ona ibwere ndi kalata ya kwa DC."

Kalisto analuma mlomo. Zoona, petulo anali atamuona. Anatembenukira injini, namasula pulagi, naipala ndi mpeni, naiuzira, naibwezera. Anakoka chingwe: ayi ndithu. Anaweramira m'madzi kuona ngati udzu wakola pulopela. Panalibe. Anamasula kasefa ka petulo, kanali koyera. Anakoka, nakoka, mpaka chikhatho chinang'ambika, magazi n'kudontha pashati ya ku Joni.

Mtsinje sunadikire. Unawadutsitsa pamitengo imene anaipitirira kale, pamunda womira, pachulu chokhala ndi mlambe. Nkhafi sinkathandiza kanthu pamadzi otere. Kenako patali panaoneka mlatho wa Matope, ndipo kuseri kwake kunkamveka mkokomo umene mwana aliyense wa kuderalo amaudziwa: mathithi. Bwato lolowa kumeneko limatuluka nkhuni.

"Madzi oundana ayamba kusungunuka," anatero a Phoebe, khutu lili pabokosi. "Bambo, pali china chimene simunayese?"

"Zonse ndayesa. Ikuchita ngati petulo sakufika, chonsecho thanki ndi yodzaza."

Pamenepo thanki inalira pansi pa Stelia: pho! Anaigwira m'mbali. Chitsulocho chinali chitafwapira m'kati ngati tsaya la munthu woyamwa nzimbe. Anakumbukira fyuu uja wa chivindikiro. Anakumbukiranso chitini cha mkaka chimene anagula pa Khirisimasi: ataboola bowo limodzi mkaka unkakana kutuluka, mpaka ataboola lachiwiri lolowera mpweya. Pang'onopang'ono analowetsa chala pansi pa chubu. Pakati pa chivindikiro panali kabowo, ndipo chubu chinali chitamatirira pamenepo, iye atakhalapo ndi thupi lake lonse.

Apa anazindikira kuti woizimitsa injini anali iye mwini. Akanatha kukhala chete. Akanatha kungosendera pang'ono, koma thankiyo inali yaing'ono, wokhalapo sakanalephera kutseka kabowoko. Malo ena anali kutsogolo kokha, kutali, msana utalozetsa kwa awiriwo. Mkokomo wa mathithi unkakula.

Stelia anaimirira n'kusomphola chubu. Thanki inapuma mpweya wautali, mbali zake n'kubwerera, pho!

"Finyani kampira kanuko mukoke."

Kalisto anayang'ana kabowo, nayang'ana chubu, nayang'ana mkazi wake. Pakamwa pake panatseguka.

"Mukandikalipire kunyumba. Kokani!"

Anafinya kampira mpaka kanalimba. Anakoka kamodzi, injini inatsokomola. Anakokanso, inabangula, utsi wabuluu n'kuphimba madzi. Bwato linaima ngati likuganiza, mizati ya mlatho ili pafupi moti ankaona zinyalala zokodwa pamenepo, kenako linayamba kukwera.

Stelia anadutsa a Phoebe osawakhudza, nakakhala kutsogolo kwenikweni. Njira yonse sanacheuke. Ankangomva mawu awo kumbuyo, osamveka bwino chifukwa cha injini, ndipo liwu lililonse linkamubaya ngati chisoso m'nsalu. Mvuu anazilambalala chapatali. Injini sinazimenso.

Anafika dzuwa litapendeka. M'bokosi munali mutatsala kachidutswa ka madzi oundana, ndipo a Phoebe anati mankhwala akadali amoyo. Pansi pa mtengo wa mango panali amayi ndi ana awo, ndipo kunyumba ina kunkamveka maliro. Stelia sanadikire kupemphedwa. Ankanyamula ana mmodzimmodzi, kuwapanira pamiyendo ndi kuwaimbira pamene singano ikulowa.

A Phoebe ankatsala kumeneko kuti ayendere midzi ina wapansi. Potsanzikana anamukokera Stelia pambali.

"Mayi, amuna anuwa njira yonse sanandiyang'ane. Maso anali pamsana panu."

"Woyendetsa bwato amayang'ana kutsogolo, anamwino. Msana wangawo unangopezeka panjira."

A Phoebe anaseka mpaka misozi, ndipo Stelia anadzidzimuka kuona kuti nayenso akuseka.

Pobwerera mtsinje unawanyamula mofulumira. Stelia anang'amba m'mphepete mwa mpango wake n'kumanga chikhatho cha mwamuna wake. Atayandikira kwawo, Kalisto anazimitsa injini kuti asunge petulo, nalowetsa bwato mwakachetechete m'kanjira ka m'bango kuseri kwa nyumba yawo. Anatsika, namangirira chingwe pachitsa.

"Tafika. Tsika."

Stelia sanasunthe.

"Wayambanso? Pang'onong'ono tikanafa lero, ine, iwe ndi mlendo wa boma. Sindikukalipira ayi. Ndingofuna kudziwa. Kodi m'bwatomo umafunamo chiyani?"

Stelia anayang'ana kumunsi, kudoko lalikulu, kumene amayi anali akadachapa ndi kutsuka miphika, mawu awo akuuluka pamwamba pa madzi.

"Bwato limeneli lanyamula aphunzitsi, lanyamula azimayi a ku msika, lanyamula mbuzi za a Gerishon. Lero munalipukutira namwino. Ine mkazi wanu mumandidutsa padoko paja ndili ndi mtsuko pamutu, n'kundiimikira dzanja ngati mukupatsa moni mlamu wanu." Analoza chitsa chija. "Masulani chingwecho. Tibwerere pakati pa mtsinje, mulize injini mwamphamvu, tikakocheze padoko lalikulu paja onse akuona. Ine ndikhale pambali panu. Ndipo potsika mundigwire dzanja."